Nambala Imene Sinasunthe

1. Kabokosi ka pakhoma

Kaliwiro analandira dzina lakeli ali wamng'ono, tsiku limene anathamangitsa minibasi imene amayi ake anaiwalamo ambulera, n'kukaipeza pa siteji yotsatira. Tsopano anali mtsikana wa kusekondale, wamtali, wowonda, miyendo yosadziwa kutopa. Kumutuma kugolosale kunali kokoma, chifukwa madzi asanawire pamoto iye anali atabwera kale. Koma kumuuza kuti akhale malo amodzi, apo ndiye panali ntchito.

Bambo ake anamwalira iye asanayambe sukulu. Amayi ake ankasoka ndi kusita pa shopu ina yochapa zovala, ndipo shopuyo itatsekedwa anakhala pakhomo akusowa pogwira. Kenako analimba mtima. Anagulitsa makina awo osokera n'kugula anapiye a nkhuku zoikira mazira.

Kuseri kwa nyumba kunali kanyumba kosungiramo makasu ndi njinga yakufa. Anakasesa, anathira utuchi pansi, n'kutchinga mawindo ake ndi masaka. Denga lake linali la malata, lalifupi moti munthu wamtali ankalowa chowerama. Kameneko ndiko kanakhala khola.

Anapiye ndi alendo ovuta kuwasangalatsa. Kukazizira amaunjikana pakona mpaka kupondana. Kukatentha amayasama kukamwa n'kuyamba kugwa. Amayi ankangokhalira kulowa ndi kutuluka m'kholamo, kuika dzanja pa utuchi, kusuntha mbaula, kutuluka, kulowanso. M'masiku ochepa okha maso awo analowa m'kati.

Malume a Kaliwiro, mlongo wawo wamkulu wa amayi, anali okonza mafoni ndi mawotchi pa kabenchi kawo kuseri kwa msika. Tsiku lina anatulukira ndi katoni m'khwapa, chipewa chili chopendekeka, kumwetulira mpaka m'makutu. Anakhoma msomali pabalaza n'kupachikapo kabokosi kokhala ndi sikirini. Kenako anazungulira kuseri ndi hamala yawo, ndipo atabwerako anaitana onse awiri.

"Tamverani bwino, chifukwa sindibwereza," anatero malume. "Aka ndi kabokosi koyezera nyengo. Kali ndi ana ake awiri, masensa. Mmodzi ndamukhomera pamtengo panja, azitiuza za kunja. Winayo ndamupachika m'khola, m'munsi, pamene pamafika mitu ya anapiye. Musamukweze kudenga, anapiye sakhala kudenga. Musamuyandikize ku mbaula, angakunamizeni. Musamunyowetse. Nambala ya pakatiyi ndiyo ya m'khola. Ikakhala cha pa 32, mtima m'malo. Ikatsika, onjezerani makala. Ikadutsa 36, kabokosika kalira, ndakatchera ndekha. Kakalira musayambe kufunsana kuti chalira n'chiyani. Tulutsani mbaula, pindani masaka a m'mawindo. Ndipo musaiwale kuti kabokosika kali ndi maso okha, kalibe manja. Manja ake ndinu."

"Nanga mawaya ali kuti, malume?" anafunsa Kaliwiro.

"Mawaya? Mwana wa sukulu n'kumafunsa mawaya? Izi zimalankhulana m'mlengalenga, ngati foni! Palibe waya, palibe chingwe. Ukhoza kukachotsa pamsomalipo n'kupita nako kukhitchini kapena kuchipinda, kazikuuzabe."

Malume anali munthu wabwino, koma nkhani ankaikometsa kuposa mmene inalili.

"Achimwene, zidole zanuzi zisandiphere ana anga," anatero amayi, manja ali m'chiuno.

Koma pasanapite nthawi anakazolowera. Ankati akamatsuka mbale, n'kungotembenuza khosi kuyang'ana pakhoma. Maulendo a kukhola anachepa, ndipo nkhope yawo inayamba kubwerera.

2. Khola m'manja mwako

Loweruka lina kunacha kozizira, mitambo ili bii, kamvula kakuwaza. Agogo a Kaliwiro anali atagonekedwa m'chipatala cha kutali ndithu, ndipo amayi anayenera kukawaona. Atamanga katundu wawo anaima pansi pa kabokosi kaja n'kuitana mwana wawo.

"Mwanangu, tandiyang'ana. Lero khola ndalisiya m'manja mwako. Mbaula ndayatsa, masaka ndatsitsa, chifukwa kwazizira. Koma taona kachithunzi aka pamwambapa. Kakuonetsa dzuwa likusuzumira kuseri kwa mtambo. Dzana kanaonetsanso chomwechi ndipo sikananame. Dzuwa likangotuluka, malata aja amatentha msanga kuposa mmene ungaganizire. Ine ndilibe china, mwanangu. Makina ndinagulitsa. Zimene zili m'kanyumba kajazo ndizo yunifolomu yako, ndizo sopo, ndizo chakudya chathu chaka chino. Sindikukutuma kusenza miyala. Ndikungoti khala pakhomo, maso pa nambala. Ndikudziwa kuti kukhala malo amodzi kumakuyabwa, koma lero lokha pirira."

"Ndamva, amayi. Pitani bwino, mukawapatse moni agogo."

Ananena zimenezi ndi mtima wonse. Mmawa wonsewo anali mwana wabwino. Anatsuka mbale, anasesa pabwalo, anasinthira anapiye madzi. Tinthuto tinkathamangira zala zake n'kumazijompha, iye n'kumaseka. Atabwerera pabalaza nambala inali pa 32. Anakhala pampando ndi buku la sayansi, miyendo ikugwedezeka yokha.

3. Wailesi

Chakumasana geti linagogodedwa ngati kwagwa zoopsa. Anali Wailesi, mnzake wa m'kalasi, amene anzake anamutcha choncho chifukwa akayamba kulankhula panalibe pozimitsira.

"Iwe, wangokhala phee pano? Sunamve? Mpikisano wosankha othamanga uja ausintha! Ndi lero, osati sabata yamawa. Osankha aja afika kale, ali pabwalo la sukulu ndi mawotchi awo m'khosi. Madamu a masewero afunsa aliyense kuti Kaliwiro ali kuti, mpaka mawu asasa. Akuti amene sathamanga lero aiwale za ulendo wa ku mpikisano waukulu. Vala nsapato, tiye!"

Chaka chonse Kaliwiro ankalawirira kukazungulira bwalo anzake ali m'bulangete, ndipo ankavutikira tsiku limeneli.

"Sindingachoke. Amayi andisiyira anapiye."

"Anapiye athawira kuti? Si ali m'khola?"

"Dzuwa likatuluka ndiyenera kutulutsa mbaula."

"Ndiye itulutsiretu panopa."

"Kukuzizira, iwe. Angaunjikane n'kupondana."

"Auze a nyumba iyi akuyang'anireko."

Kaliwiro anasuzumira pampanda. Pachitseko cha anansi panali loko wamkulu. Foni ya pakhomo inali imodzi, ndipo amayi anali atapita nayo. Malume nawo Loweruka sankachoka pa benchi, chifukwa ndilo tsiku limene anthu amakumbukira kuti mafoni awo anafa.

Anabwerera pabalaza misozi ili m'maso. Ataweramuka, maso ake anagwera pa kabokosi kaja, ndipo anakumbukira kuti kamalankhula ngati foni.

"Dikira," anatero. Anakwera pampando n'kukachotsa pamsomali. "Ndipita nako. Nambala ikayamba kukwera, kapena kakalira, ndithamanga kubwerera. Kuchokera kusukulu kufika kuno, ndani angandipose?"

"Mutu umenewo!" anafuula Wailesi, akuwomba m'manja. "N'chifukwa chake sayansi umatisiya kutali."

Tisamuweruze msanga mwanayu. Iye sanaganize kuti akuthawa ntchito. Anaganiza kuti ntchitoyo waipinda bwinobwino n'kuiika m'chikwama. Anasuzumiranso m'khola, anaona kuti madzi alipo, anatseka chitseko kuti mphaka asalowe, n'kukhoma geti.

4. Pabwalo

Bwalo la sukulu linali kutsidya kwa msewu waukulu, kupitirira msika ndi malo omwetsera mafuta galimoto. Anafika ali wefuwefu, makamaka Wailesi, amene ankathamanga uku akulankhula.

"Wafika!" anatero Madamu a masewero, wenzulo ili pakamwa. "Ukanandiphetsa ndi mtima, mwana iwe. Pita ukadziwongole, gulu lako layandikira."

Kaliwiro anapereka chikwama kwa Wailesi. "Kakalira undikuwire, ngakhale ndili pakati pa liwiro. Wamva?"

"Kukuwa ndiye usandiphunzitse."

Liwiro loyamba linali losavuta. Anafika kumapeto anzake akadali pakona. Koma akupuma, manja ali m'mawondo, anamva kutentha pamsana. Mitambo inali itang'ambika, ndipo dzuwa linatuluka lija loswa mtengo. Anthu anayamba kuvula majuzi n'kufunafuna mithunzi.

Anathamangira kwa Wailesi n'kutsegula chikwama. Nambala ya pakati inali pa 32.

Anakayang'anitsitsa. Wotchi ya pakona pa sikirini inkayenda bwinobwino. Nambala ya pamwamba, yoonetsa kutentha kwa malo amene kabokosiko kali, inali itakwera chifukwa cha kutentha kwa m'chikwama. Kabokosi kanali ndi moyo ndithu.

"Mwina kwanu kukadali mitambo," anatero Wailesi. "Nyengo ya masiku ano ilibe mutu. Usadzipatse nkhawa, ungaluze chifukwa cha nkhuku."

Pambali pa nambala ya pakatiyo pankakhala kachizindikiro kakang'ono konga kamlongoti, kamene kunyumba kankaphethira nthawi zonse. Tsopano panalibe. Atsikana awiri anayang'ana pa sikirinipo, koma palibe amene anaona chimene chinasowa.

Mipikisano inachuluka: ya anyamata, yodumpha, yoponya. Othamanga liwiro lomaliza anawauza kuti adikire. Kaliwiro anakhala pansi pa mtengo, n'kumatsegula chikwama kawirikawiri. Nthawi zonse nambala inali yomweyo.

"Anapiye ako ndi aulemu," anatero Wailesi. "Akudziwa kuti mwini wawo ali pa ntchito."

Kaliwiro anaseka, ndipo mtima wake unakhala pansi.

Liwiro lomaliza linali lina. Pambali pake panaima mtsikana wa kalasi yapamwamba amene anali asanagonjepo. Wenzulo italira, mtsikanayo anatsogola, ndipo Kaliwiro ankangoona msana wake ndi fumbi. Pakona yomaliza anakukuta mano. Anamupeza, anayenda phewa ndi phewa, ndipo pamzere anali Kaliwiro amene anaponya chifuwa patsogolo. Bwalo lonse linaphulika. Madamu anamunyamula m'mwamba, thukuta ndi fumbi zonse, osasamala za bulauzi yawo yoyera. Chibadwire Kaliwiro anali asanakondwepo chotere.

Pobwerera anayenda mosathamanga. Wailesi ankasimba mpikisano wonse kuyambira pachiyambi, ngati kuti Kaliwiro kunalibe.

5. Pageti

Atatsala pang'ono kufika pageti, chikwama chinalira.

Pi-pi-pi! Pi-pi-pi!

Kaliwiro anatulutsa kabokosi. Kamlongoti kaja kanali katabwerera, kakuphethira. Nambala ya pakati inali pa 43.

Kiyi anakana kulowa mu loko chifukwa cha changu. Anaponya chikwama pansi n'kudumpha mpanda. Atatsegula chitseko cha khola, mpweya wotentha unamumenya kumaso ngati watsegula uvuni. Mbaula inali ikadali psuu. Khola limene mmawa linali phokoso lokhalokha linali zii.

Anapiye anali atathawira m'mbali mwa khoma, mapiko atatambasula, kukamwa kuli yasa. Zomwera zonse zinali gwa. Ena anali atagona cham'mbali, timiyendo titawongoka.

Kaliwiro ananyamula mbaula ndi manja, osakumbukira n'komwe chogwirira, n'kukaiponya panja. Zala zinapsa koma sanamve. Anazula masaka a m'mawindo, misomali n'kumagwa. Wailesi, amene anali atakwera mpanda movutikira, anabwera ndi ndowa ya madzi.

Kaliwiro anagwada pa utuchi n'kuyamba kutola anapiye mmodzimmodzi, kuviika mlomo m'madzi, kuwauzira mpweya, kuwaika pakhomo pamene pankadutsa kamphepo. Ena anameza madzi, anaphethira, n'kuimirira mwa dzandidzandi. Ena mitu inkangolendewera.

"Dzuka, iwe. Dzuka, chonde," Kaliwiro ankanong'oneza kamwanapiye kena kamene kanali m'dzanja lake. Koma sikanadzuke.

Amene anafa anawaika m'beseni lochapira. Sanafune kuwawerenga. Pansi pa beseni panabisika, kenako anayamba kusanjikizana. Otsala amoyo anali ochulukirapo, koma ambiri mwa iwo anali ofooka. Kaliwiro anavundikira beseni ndi saka, anakhala pansi, n'kulira mokweza ngati mwana wamng'ono.

Wailesi anamugwira paphewa. Kwa nthawi yoyamba analankhula motsitsa mawu.

"Tamvera. Bwezera kabokosi pamsomali. Udzanene kuti unali pompano ukuwerenga, ndipo sikanalire. Si bodza lonse ayi. Kanalira ngati? Zinthu za mabatire zimafa tsiku lililonse, aliyense amadziwa. Amayi ako akangodziwa kuti unapita kothamanga, ulendo uja uiwale. Akufawo afa kale, sungawadzutse. Ine pakamwa panga ndasoka."

Wailesi atapita, Kaliwiro anatola chikwama, anapukuta fumbi pa kabokosi, anakwera pampando n'kukabwezera pamsomali.

6. Mlandu wa malume

Amayi anafika dzuwa litapendeka. Anaona mbaula itagudubuzika pabwalo, masaka ali mbwee, ndi beseni lovundikira pakhomo pa khola. Anatula katundu pansi. Anavundukula saka, anayang'ana, n'kulibwezera. Kenako anakhala pa sitepe.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. Patapita kanthawi anafunsa, "Kanalira?"

"Kanalira mochedwa, amayi. Ndinapeza nambala ili kale pa 43."

"Nanga dzuwa sunalione?"

"Ndinaliona. Koma nambala inali pa 32. Sinasunthe."

Mawu onsewa anali oona, ndipo n'chifukwa chake anatuluka mosavuta. Amayi anayang'ana zala zakupsa za mwana wawo, anayang'ana kabokosi kali pakhoma, nkhope yawo n'kusintha. Anatulutsa foni.

Malume anafika pa njinga, sikuludiraiva ikadali m'thumba la shati. Analowa m'khola chowerama n'kutuluka ndi sensa m'manja. Anaifumbata, anaiuzira mpweya, ndipo nambala ya pakhoma inasuntha. Anatsegula kumbuyo, anayang'ana mabatire, anawabwezera. Anakanda m'mutu.

"Sindikumvetsa," anatero.

"Simukumvetsa?" Amayi anaimirira. "Ine ndiye ndikumvetsa bwino. Ndinali ndi dzanja langali, ndinkayeza ndekha utuchi, ndipo palibe mwanapiye amene anafa. Inu munabwera ndi katoni yanu ndi pakamwa panu pokoma. Ndinakuuzani kuti zidolezi zisandiphere ana anga. Mwanayu wakhala pano tsiku lonse akuyang'ana chinthu chonama, taonani zala zake! Zinthu zimene anthu anataya, inu n'kumadzaziyesera pa umphawi wanga? Chotsani zonse, achimwene. Chotsani, muzipita nazo. Ndikadzafuna thandizo lanu ndidzakuitanani."

Malume anavula chipewa. Munthu wa nthabwala uja anaoneka wokalamba mwadzidzidzi.

"Pepa, mlongo wanga," anatero. "Ndinkafuna kuti uzipumako. Ngati ndi makinawa, mlandu ndi wanga. Mwanayu usamukalipire."

Anapita kumtengo wa panja kukamasula sensa ina ija. Kaliwiro ankawayang'ana ali chilili pakhonde. Sikuludiraiva inkaterereka pa sikuluwu, m'dzanja lomwelo limene tsiku lililonse linkagwira tizitsulo ta m'wotchi. Anayesa, inaterereka. Anayesanso.

Nkhani inali itatha, ndipo Kaliwiro anali atapulumuka. Akanangokhala chete.

"Malume, siyani."

Onse awiri anatembenuka.

"Kabokosi sikanalakwe. Sindinali pano, amayi. Mpikisano anausinthira lero, ndiye ndinapita kusukulu. Kabokosi ndinakaika m'chikwama. Ndimati kakalira ndithamanga. Kanadzalira nditafika pageti."

M'khola munkamveka timawu tochepa ta anapiye otsala.

7. Chinthu chikakhala chete

Malume ndiwo anayamba kulankhula. Anakhala pa ndowa yovundikira n'kuika chipewa pabondo.

"Bwera kuno, mwanawe. Mbali ina ya mlanduwu ndi yangabe, chifukwa ndinati zimalankhulana ngati foni, osamaliza nkhani. Foni ili ndi milongoti paliponse yoithandiza. Aka kalibe. Kamamva mwana wake pafupi pokha, monga mmene umamvera munthu akakuitana kuseri kwa nyumba. Ukangokhota pa ngodya ya msewu, basi, sakumvananso. Ndiye kamangogwira nambala yomaliza imene kanamva, n'kumakuonetsa yomweyo. Kamlongoti kophethira kaja ndiko kamanena kuti akumvana. Izi ndinayenera kukuuza. Koma iwenso, mwana wa sayansi, tamvera. M'khola muli moto, muli zamoyo, pamwamba pali malata. Nambala ya malo otero siingaime nji kuchokera kozizira mpaka dzuwa kuswa mtengo. Khungu lako linakuuza kuti kwatentha, maso ako anaona anthu akuvula majuzi, koma unasankha kukhulupirira chimene chinkakuuza zokukomera. Chinthu chikakhala chete usamathamangire kunena kuti zonse zili bwino. Uziyamba wafunsa ngati chikumva n'komwe."

"Ndamva, malume."

Tsopano inali nthawi ya amayi. Kaliwiro ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo akanakonda kuti akalipiridwe. Koma mawu awo anatuluka ofatsa.

"Anapiyewa andipweteka, mwanangu, sindikubisira. Ukanandiimbira pa foni ya munthu aliyense pamsewu, ndikanakuuza chochita. Mwina ndikanakuloleza, mwina ayi, koma tikanaganiza awiri. Zimenezo ndi nzeru za ubwana, ndipo aliyense anadutsamo. Chimene chandilasa ndi china. Unabwezera kabokosi pamsomali. Unaima pakhondepo n'kumandionerera ndikunyoza mlongo wanga, munthu amene anandilera, amene anasiya benchi yake kudzandikhomera misomali. Unandisiya ndilankhule mawu amene sindingathe kuwameza. Wanena zoona, inde, ndipo ndamva. Ukanapanda kunena, bwenzi lero nditataya anapiye ndi mlongo yemwe. Koma usaganize kuti kunena zoona kumadzutsa zimene zili m'besenimo."

Kenako anatembenukira kwa malume, anagwada, n'kugwira dzanja lawo ndi manja awiri.

"Achimwene, ndakulakwirani. Pakamwa panathamanga."

"Dzuka, dzuka," anatero malume, akuyang'ana kumbali. "Pakamwa pothamanga ndi pa mtundu wathu, ine ndiye mkulu wake. Tiye tione otsalawa. Akufunika madzi ambiri ndi mpweya, ndipo ofookawo tiwapatule."

Anatenga sensa ija n'kukaipachikanso m'khola pa chingwe chake. Amayi anatenga mafuta n'kupaka zala za Kaliwiro, osamuyang'ana kumaso. Atamaliza analoza beseni.

"Tenga khasu. Ukawakwirire kuseri, dzenje likhale lakuya kuti agalu asafukule. Ntchito imeneyi ndi yako."

Kaliwiro ananyamula beseni. Linali lopepuka kwambiri, ndipo kupepukako ndiko kunamulizanso.

Asanafike pa ngodya ya nyumba, pageti panamveka mawu ansangala.

"Odi kuno! Kodi ndi kuno kwa mtsikana wathu uja? Ndine mphunzitsi wa masewero, mayi. Ndabwera ndi nkhani yabwino! Mwana wanu watinyaditsa lero, wasankhidwa. Ndikungofuna chilolezo chanu, chifukwa mayina akupita mawa m'mawa."

Kaliwiro anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama kuti alowetse beseni kuseri kwa mgolo wa madzi.

"Ayi," anatero amayi. "Usalibise. Pita nalo ukawatsegulire."

Kaliwiro anapanikiza beseni m'chiuno ndi dzanja limodzi, ndipo ndi linalo anakoka chitsulo cha geti. Madamu anali akumwetulirabe, maso awo asanatsike pa saka.